Dzenje la m'Galaja

Ku Chilinde, mukapitirira pachigayo n'kutsetserekera kumunsi, kuli nyumba ina yaing'ono imene khoma lake lakumsewu lili ndi njerwa za mitundu iwiri. Zofiira kwambiri ndi zakale, zoyererako zikusonyeza pamene panali chitseko cha galaja. Anthu amangodutsa osacheuka. Koma inu sendererani pafupi, wina asonkheze motowo, mumve mmene mwamuna wina anatsala pang'ono kutaya mwana wake chifukwa cha ntchito ya tsiku limodzi imene anaigwira ndi mtima wabwino.

Mwamunayo dzina lake ndi Zakeyu Nthala. Nyumbayo anamusiyira malume ake, amene anali makaniko. Malumewo ankakonda galimoto kuposa tulo. Chipinda chogona anamanga chimodzi chokha, chothina, koma galaja anaimanga yotakasuka moti lole yaing'ono inkalowa popanda kukhula khoma. Pakati pake anakumba dzenje loti azitsikiramo akamakonza galimoto kunsi. Linali lalitali ngati munthu wogona, lopapatiza, lakuya kulekeza m'chifuwa, ndipo pamwamba pake ankayalapo matabwa.

Zakeyu analibe galimoto. Anali ndi njinga yakapalasa imene ankapita nayo kuntchito kumalo ena osungira katundu m'tauni, ndipo akaweruka ankadzera kusukulu yamadzulo. Iyeyo, mkazi wake Elida ndi mwana wawo wamkazi Talandira, wa zaka zinayi, amene ankangomutchula kuti Tala, onse ankagona m'chipinda chimodzi chija. Elida anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ankakonda kumuseka mwamuna wake kuti pakhomo pano bwana ndi njinga, chifukwa ikugona motambasuka m'galaja pamene eni nyumba akugundana zigongono.

Zakeyu ankaseka nawo, koma mawuwo anamukhala. Anaganiza zosandutsa galajayo chipinda cha Tala, mwana winayo asanabadwe. Pakona pazikhala tebulo lake lowerengera, kuzenera kukhale bedi la mwana. Atamufunsa Tala kuti akufuna penti wanji, mwanayo analoza kumwamba.

Anapeza mmisiri wachikulire wochokera ku Mitundu, a Kamtedza, munthu wosachulutsa mawu, woyenda ndi pensulo kukhutu. A Kamtedza anazula chitseko chachitsulo chija, namanga khoma pamalo pake, nasiya zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Anapulasitala bwino. Panatsala pansi pokha.

Tsiku limene ananyamula matabwa aja kuti aone dzenjelo, analiyang'ana kuchokera uku mpaka uko. Kenaka anavula chisoti. Anafunsa ngati munthu anagweramo kapena kuferamo m'mbuyomu. Zakeyu anati ayi, malume anamwalirira kuchipatala ndipo anakaikidwa kumudzi. A Kamtedza anagwedeza mutu, nabwezera matabwawo limodzilimodzi. Masana omwewo analandira uthenga wa zovuta kwawo. Akumanga zida zawo m'thumba, anatembenuka.

"Dzenjelo musalikhudze mpaka ine nditabwera, a Nthala. Matabwawo akhale pomwepo."

Sabata inatha, ina inatha. Foni ya a Kamtedza sinkapezeka. Mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo matumba a simenti amene anali pakhonde anayamba kulimba m'makona. Tsiku lina Elida anapeza Tala akudumphadumpha pamatabwa aja, limodzi litachita kale mng'alu. Atamuuza Zakeyu, mwamunayo sanadye bwino madzulo amenewo. Anati dzenjelo alikwirira yekha Loweruka. Elida anamukumbutsa mawu a mmisiri, nati munthu wamkulu savula chisoti popanda chifukwa. Zakeyu anayankha mofatsa kuti amisiri onse amatero, amaopa kuti wina angawalande ntchito, ndipo iye sangadikire kuti mwana athyoke mwendo poyamba.

Loweruka analawirira. Anathiramo zidutswa za njerwa, miyala, mchenga, mawilibala makumi awiri ndi mphambu, akusinja ndi mtengo wolemera mpaka manja anatuluka matuza. Masana anakanda simenti, nathira chipinda chonse, nasalaza ndi thabwa. Dzuwa likupendeka anaima pakhomo ali mbuu, atanyamula Tala paphewa, akumuonetsa pamene padzakhale bedi. Anali wokondwa ngati munthu amene wakhoza mayeso.

Patatha masiku anayi simenti inauma ponseponse, kupatula pamene panali dzenje. Pamenepo panatsala podera, mbali zinayi zooneka bwino ngati wina wajambula ndi rula. Ukagwira sipanali ponyowa, koma pankazizira kufika m'mafupa a dzanja. Zakeyu anafotokozera mkazi wake kuti dothi lapansi limasunga chinyezi, ndipo dzuwa likawomba pauma. Anapaka polishi wofiira kawiri. Mmawa mwake mzere uja unali utabwereranso pamwamba pa polishiyo.

Komabe chipindacho chinakongola. Makoma anali a mtundu wa thambo, Elida anapachika katani yamaluwa, Tala anasamukiramo ndi zidole zake ziwiri. Anagona bwino masiku oyambirira.

Choyamba kusowa chinali kapu yake yachikasu. Elida anaifuna kuseri kwa nyumba, m'ngalande, kwa ana oyandikana nawo, osaipeza. Kenaka kasupuni kake. Kenaka nsapato imodzi, yakumanzere, imene anaisiya pakhomo pa chipinda madzulo. Pakhomo pa ana zinthu zimasowa, ndiye palibe amene anadandaula kwambiri. Koma pamene inasowa mbale yake yaing'ono, imene Elida anaitsuka ndi manja ake n'kuiika pathandala, mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Anauza Zakeyu kuti chiyambireni palibe chawo chimene chasowa, ngakhale chisa chopesera. Zonse zinali za mwana.

Zakeyu anati mwina Tala akuzibisa yekha posewera. Ananena akuyang'ana m'buku, ndipo tsamba limenelo sanalitembenuze mpaka nthawi yogona.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, Elida anaona kuti pakhomo pachita zii kwambiri. Anasuzumira m'chipinda chatsopano chija. Tala sanali pabedi. Anali atagona chagada pansi, pakati penipeni pa malo odera aja, miyendo ataiphatikiza, manja atawongola m'mbali, maso ali kudenga.

"Iwe Tala, bedi lako lakulakwira chiyani? Dzuka apo, udwala chifuwa."

"Dikirani kaye, amama. Akuti ndisagwedezeke, akundiyeza."

Elida anamufunsa kuti ndani, koma mwanayo anangomuyang'ana ngati funsolo ndi lopanda nzeru. Atamunyamula, msana wake unali wozizira ngati wa munthu wochokera m'madzi.

Tsiku lomwelo chakumadzulo, Elida akuanula zovala, anaona amuna awiri atakhala tsidya la msewu pansi pa mtengo wa mango. Anali atapinda mathalauza, makasu atawagoneka pamiyendo, ndipo mapazi awo anali ndi dothi lofiira lakuya, losiyana ndi fumbi la m'misewu ya ku Chilinde. Sankacheza. Ankangoyang'ana zenera latsopano lija. Elida anaganiza kuti ndi aganyu, nawapatsa moni, nawauza kuti ntchito pano inatha. Wamkuluyo anayankha motsitsa mawu, monga mmene anthu amayankhulira pasiwa, kuti iwo sakufulumira, akungodikira uthenga. Elida analowa m'nyumba kukaika zovala. Potuluka pansi pa mtengo panalibe munthu. Mayi wogulitsa tomato pafupi pomwepo anati iye wakhala pamenepo kuyambira mmawa, ndipo amene anakhala pansi pa mango ndi mbuzi basi.

Zakeyu atamva zimenezi sanazengereze. Anamunyamula Tala n'kumubwezera kuchipinda chawo chakale, nakhoma chipinda chatsopanocho ndi loko.

M'bandakucha, monga mwa chizolowezi chake, anadzuka kuti awerenge asanapite kuntchito. Mabuku anali atatsala patebulo m'chipinda chokhoma chija, ndiye anatsegula n'kulowa. Kunja atambala anali atayamba, wina ankasesa pabwalo kutali. Atangokhala pampando anamva phokoso laling'ono pansi pa mapazi ake, ngati dothi lodzaza dzanja likugwera pathabwa. Panapita kanthawi, linamvekanso. Kachitatu. Kenaka bata.

Anagwada n'kugogoda pamalo odera paja ndi nkhonya. Panalira ngati ng'oma. Iye mwini anathiramo miyala, iye mwini anasinja, matuza anali asanapole m'manja mwake. Anagogoda pambali, panali polimba gwa. Anagogodanso pakati. Anatola mabuku ake, natuluka chambuyo, ndipo zimene anamvazo sanamuuze Elida.

Kuyambira tsiku limenelo Tala anasiya kudya. Thupi silinkatentha, linkazizira. Anapita naye kuchipatala, anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, sanapeze kanthu, anawapatsa mankhwala obwezeretsa chilakolako cha chakudya. Patatha masiku atatu anapita nayenso, yankho linali lomwelo. Mwana amene ankadzaza nyumba ndi mafunso tsopano ankangokhala pamphasa, khosi litawerama. Chimene ankapempha chinali chimodzi, kuti amutsegulire chipinda chake, akuti akumudikira. Mmawa wina anamupeza atagona pansi m'mbali mwa chitseko chokhomacho, tsaya ataligunditsa pampata wa kunsi kumene kunkatuluka kamphepo.

Zakeyu anamunyamula. Anamva kupepuka kwake. Tsiku limenelo sanapite kuntchito. Anakwera minibasi ya ku Mitundu, nayenda wapansi akufunsa njira, mpaka anawapeza a Kamtedza kumunda akubzala chimanga ndi mvula yoyamba. Kumeneko ndi kumene anadziwa kuti mmisiriyo kwawo ndi mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, ndipo chimene chinawachedwetsa ndi maliro atatu otsatizana.

A Kamtedza atangomuona nkhope, anaimika khasu.

"Munakwirira."

"Ndinakwirira, bambo."

"Munaikamo chiyani?"

"Miyala, njerwa, mchenga."

Mkuluyo anakhala pamzere, namuuza kuti nayenso akhale. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti kwawoko dzenje la muyeso wa munthu silikwiriridwa lopanda mwini. Zimachitika kuti adzukulu akumba, kenaka n'kumva kuti maliro akaikidwa kwina, kapena wodwala amene amati watsirizika uja watsitsimuka. Zikatero amadula thunthu la nthochi n'kuligonekamo, n'kukwirira ngati munthu. Akapanda kutero, dzenjelo limadzifunira lokha wogonamo, ndipo limayambira kwa wofewa. Likakhala lotsegula limadikira, zaka ngakhale makumi atatu. Kulitseka ndiye kuliuza kuti nthawi yakwana.

Zakeyu anati koma amenewo si manda, ndi dzenje lokonzera galimoto, malume ake ankatsikiramo ndi sipanala tsiku ndi tsiku.

"Dothi silinapite kusukulu, a Nthala. Silidziwa galimoto. Limangodziwa muyeso."

Anawafunsa chifukwa chimene sananenere zonsezi tsiku lija. A Kamtedza anamuyang'ana m'maso, namufunsa ngati akanawamvera kapena akanawaseka. Zakeyu anayang'ana pansi.

Awiriwo anafika ku Chilinde dzuwa litapendeka. Kuseri kwa nyumba kunali nthochi zimene anabzala malume aja, ndipo anadula thunthu lalitali kuposa onse, nalikokera pakhonde. Elida anakhala pakhomo pa chipinda chogona, Tala ali pamiyendo, maso atatseka, akupuma mwapatalipatali.

A Kamtedza anakweza hamala yaikulu, namenya kamodzi kokha pakati pa malo odera aja. Simenti inasweka ngati chigoba cha dzira n'kugwera m'kati. Fumbi litatsika, amuna awiriwo anasuzumira. Munalibe mwala, munalibe njerwa, munalibe mchenga. Dzenjelo linali loyera, makoma ake osalala ngati angolisema kumene. Pansi, kumbali imodzi, zinthu zinali zitandandalikidwa mwadongosolo: kapu yachikasu, mbale yaing'ono itavundikiridwa, kasupuni pamwamba pake, nsapato yakumanzere pambali.

Mkuluyo anaziyang'ana chimodzichimodzi. Kenaka ananena motsitsa kuti thunthu wamba silithandizanso, chifukwa dzenjelo lasankha kale, ndipo katundu wa mwini wake lalandira. Njira imene iye ankaidziwa inali yodula thunthulo pa msinkhu wa mwanayo, kuliveka diresi lake, kulitsitsa, ndipo mayi ake alire monga polira mwana. Mwina likhoza kupusitsika.

Elida anamukumbatira Tala mwamphamvu.

"Ine ndilire mwana wanga ali pamiyendo panga? Ndimutchule dzina pamanda? Bambo, mundipeze ndi zina, zimenezo ayi."

Zakeyu anafunsa ngati njirayo imagwira nthawi zonse. A Kamtedza sanafune kunama. Anati anaionapo ikugwira, anaionaponso dzenje litalandira diresi n'kuitanitsa mwini diresi.

Zakeyu anayang'ana dzenjelo kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Anaganiza za malume ake, amene analikumba podziyeza okha kuti azitha kutembenukamo. Anaganiza za Loweruka lija, mmene anasangalalira. Kenaka anatsikiramo. Kuzizira kunamugwira m'miyendo ngati manja. Anatola kapu, mbale, supuni ndi nsapato, napereka kwa a Kamtedza chimodzichimodzi, natuluka. Anapita pakhonde, nagona chagada pambali pa thunthu lija, mapazi atalinganiza ndi tsinde.

"Dulani pamene palekeza mutu wanga. Dzenje ili si la mwana, ndi la munthu wamkulu. Ndipo amene analitseka ndine."

A Kamtedza anati zimenezo sanazionepo chibadwire, ndipo sakudziwa chimene dzenjelo lidzatenge kwa iye. Elida anali atafika pakhomo, mwana ali m'manja.

"Bambo a Tala, nanga ife? Nanga ali m'mimbayu?"

"Ine ndine wamkulu, mayi a Tala. Chikabwera ndidzachiona, ndidzakangana nacho. Uyu sadziwa n'kukana komwe. Akamuuza kuti usagwedezeke, amamvera."

A Kamtedza anaika chizindikiro ndi pensulo yawo, natenga chikwanje.

Analiveka thunthulo malaya amene Zakeyu anavala tsikulo, akadali ofunda, ndi jekete lake lopitira kusukulu. Analikulunga m'mphasa, nalitsitsa ndi zingwe ziwiri, mutu kuloza kumene a Kamtedza ananena. Elida sanafunike kuuzidwa kuti alire. Ataona mkono wa jekete ukutulukira m'mphasa muja, analira kulira kwenikweni, kotsitsa, kuopa kuti oyandikana nawo angabwere ndi nkhuni za pamaliro. Zakeyu anaima pakona atavala kabudula ndi vesiti, akumva mkazi wake akumulira. Anakwirira ndi dothi lofiira la kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi ino linadzaza msanga.

Asanamalize n'kutsuka mafosholo komwe, anamva mawu aang'ono m'nyumba. Tala ankafunsa ngati mbatata ija yatsala. Anadya zidutswa ziwiri, namwa tiyi, nagona tulo ta mwana, tofunda, mwendo umodzi uli pamimba pa mayi ake. Mmawa a Kamtedza anathira simenti ina, ndipo inauma yonse mofanana. Tsidya la msewu pansi pa mango sipanakhalenso munthu wa khasu.

Zakeyu anadikira kuti adwale. Sanadwale. Ankadya, ankapalasa njinga, kuntchito ankamulonjera ngati kale. Anayamba kuganiza kuti mwina dzenje lija linakhutira ndi malaya.

Chimene anachedwa kuchiona chinali pafupi kwambiri. Tsiku loyamba anati mwana akadali wofooka, n'chifukwa chake sakumuthamangira pobwera. Tsiku lachiwiri anamubweretsera mandasi, nawatambasulira m'manja mwake. Tala analandira, nathokoza amayi ake. Zakeyu anamunyamula m'mwamba monga ankachitira kale. Mwanayo sanaseke, sanalire. Anangodzipotokola ngati diresi lakodwa pamtengo, maso ali kwina, mpaka anamutsitsa.

Madzulo a tsiku lachitatu onse atatu anali pabalaza. Zakeyu anakhala pampando wake wa masiku onse, bondo lake likukhudza phewa la mwanayo. Tala anasiya kusewera, nayang'ana kuchitseko.

"Amama, adadi abwera liti?"

Elida analoza, nati adadi ako si awa. Tala anayang'ana mpandowo, nayang'ana khoma kuseri kwake, nabwezera maso kwa mayi ake, akumwetulira pang'ono ngati munthu amene akudziwa kuti akumunamiza mosewera.

Zinakhala choncho masabata awiri. Tala ananenepa, mafunso ake anabwerera, ankathamanga m'nyumba monse akumulambalala bambo ake ngati mmene madzi amalambalalira mwala. Madzulo alionse ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo njinga ikalowa pachipata sankatembenuka. Elida yekha ndi amene ankamuona mwamuna wake, ngakhale kuti nayenso nthawi zina ankadzidzimuka Zakeyu akayankhula, ngati anaiwala kuti m'chipindamo muli munthu. Zikatero ankamugwira dzanja n'kupepesa.

Zakeyu sanadandaule pamaso pa mkazi wake. Ankadikira kuti mwana agone, n'kukhala pambali pake kumvetsera mmene akupumira. Ankadziuza kuti akanati asankhenso akanasankha chomwecho. Zinali zoona, koma sizinkachepetsa ululu.

A Kamtedza atabwera kudzatenga zida zawo zotsala, Zakeyu anawafotokozera. Mkuluyo anakanda m'mutu. Anati mankhwala a zimenezi sakuwadziwa, koma chimene akudziwa n'choti munthu amene analiridwa sapitiriza kukhala m'nyumba ngati palibe chachitika. Kwawoko wotereyo amayamba wachoka, n'kubwera ngati wochokera kutali, n'kuodira pakhomo. Akalandiridwa, walandiridwa. Anawonjeza kuti sakulonjeza kanthu.

Zakeyu anakagona masiku atatu kwa mnzake wina wa kusukulu yamadzulo, ku Kawale. Tsiku lachinayi anasamba, nabwereka malaya, nayenda wapansi. Anafika dzuwa likulowa, utsi wa mbaula uli tolotolo m'makomo. Anaima pachipata cha nyumba yake yomwe, mtima ukugunda ngati tsiku limene anakafunsira mbeta.

"Odi kuno."

Tala anali pakhonde ndi zidole zake. Anakweza mutu. Maso ake anafika pankhope ya Zakeyu, ndipo anaima pomwepo. Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anatembenukira kuchitseko.

"Amama, kwabwera alendo."

Elida anatulukira, dzanja lili pakamwa. Zakeyu anamugwedezera mutu pang'ono kuti asanene kanthu. Tala anathamangira m'nyumba, nabwera akukoka mpando umene unali waukulu kuposa iye. Mlendo atakhala, mwanayo anagwada monga anamuphunzitsira, napereka moni ndi manja awiri. Kadzanja kake kanali kofunda.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, mayi, kaya inu?"

Tala anaseka chifukwa chotchedwa mayi. Anafunsa mlendoyo dzina lake, ndipo anamuuza. Anati dzinalo ndi lofanana ndi la adadi ake, koma adadi akewo anachoka, abwera. Zakeyu anati wamva, ndipo ngati amulola akhoza kudikira nawo limodzi. Mwanayo anaganiza kaye, chala chili pamlomo.

"Mukhala masiku angati?"

"Ambiri, ngati simundithamangitsa."

"Mumadziwa kukonza chidole? Ichi chinathyoka mkono."

"Ndikhoza kuyesa."

Anamupatsa chidolecho, nayandikira, natsamira bondo lake kuti aone bwino mmene akukonzera. Zakeyu anachedwa nacho dala. Mdima utayamba kugwira, udzudzu ukulira m'makutu, Tala anaimirira, namugwira chala.

"Tiyeni m'nyumba. Malo alipo, tili ndi chipinda chatsopano. Ine ndimagona ndi amama, ndiye inu muzigona m'menemo."

Zakeyu anayang'ana mkazi wake, nayang'ana zenera lija. Kenaka anathokoza, navula nsapato zake pakhomo monga achitira alendo, nalola kuti mwanayo amutsogolere.